Katswiri wa zamankhwala: kuchoka pawindo kufika pabedi la wodwala

Pamene boma linayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, dziko lino linalibe sukulu yosula akatswiri a zamankhwala a digiri. Ochepa amene analipo anaphunzira kunja. Dipatimenti ya maphunzirowa ku College of Medicine mu Blantyre, yomwe tsopano ili pansi pa KUHeS, inatsegulidwa mu 2006, ndipo chaka chotsatira LA analowa m'malo mwa Fansidar pochiza malungo. Nkhawa ya nthawiyo inali yoti mankhwala apezeke pashelefu basi.

Vuto lina linatulukira mu labotale ya pachipatala cha Gulupu, kumene odwala a ku Kanjedza, Limbe ndi Ndirande amagonekedwa. Kafukufuku wa Malawi-Liverpool-Wellcome wofalitsidwa mu 2017 anaunika magazi a odwala kuyambira 1998 mpaka 2016. Pofika 2016, tizilombo ta Klebsiella 9 pa 10 tilitonse tinali tosamva mankhwala a gulu la ceftriaxone, jakisoni yemwe mawodi ambiri amathamangira akaona wodwala watentha thupi.

Apa digiri yoyamba yokha siikwana. Ku America wofuna ukatswiriwu amagwira m'chipatala zaka ziwiri atamaliza digiri, chaka chachiwiri pa matenda opatsirana okhaokha, ndipo nthambiyi inavomerezedwa payokha mu 2017. Zomwe amaphunzira n'zomwe mawodi athu amakumana nazo tsiku lililonse: kuchepetsa mlingo impso zikafooka, kusiya jakisoni wodwala akatha kumwa mapilitsi, ndiponso kupereka dolutegravir kawiri patsiku kwa amene akumwanso rifampicin wa TB.