Lathe, makina amene mainjiniya amaphunzirirapo kusema chitsulo

Lathe ndi makina osemera zitsulo, matabwa ndi pulasitiki. Amasiyana ndi zida zambiri zodulira chifukwa chimene chimazungulira ndi chitsulo chosemedwacho, pamene mpeni wake umangoyenda pang'onopang'ono m'mbali mwake n'kumachipala. Shafiti ya chigayo, mabushi a galimoto ndi zitsulo zina zambiri zobulungira zimadzera pa makinawa.

Makina osemera mitengo mozunguliza ndi akale kwambiri, koma lathe ya zitsulo inatchuka cha m'ma 1800, Henry Maudslay wa ku England atakonza makina odula mazinga a mabauti mofanana ndendende. Kale kumeneko bauti iliyonse inkangogwirizana ndi nati yake yokha.

Ku Malawi, luso la makina otere limaphunzitsidwa kwa ophunzira uinjiniya pa yunivesite ya MUBAS ku Blantyre, imene kale inkatchedwa Polytechnic, komanso m'makoleji ena a ntchito zamanja pansi pa ndondomeko ya bungwe la TEVETA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1999.

Wophunzira sayamba ndi kudula. Amayamba ndi kuwerenga chojambula cha chitsulo chofunikacho ndi kuyeza, ndipo chida chotchedwa micrometer chimayeza mpaka 0.01 ya milimita, muyezo wochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi. Kenako amamanga chitsulo mu chuck, chimene ndi chopanira chozungulira, n'kuika mpeni pa msinkhu wa pakati penipeni pa chitsulocho. Liwiro nalo lili ndi lamulo: chitsulo chonenepa chizizungulira pang'onopang'ono kusiyana ndi chowonda, apo ayi mpeni umatentha n'kubuntha. Pali masamu ena ooneka achibwana amene amagwetsa ambiri. Mpeni ukalowa milimita 1, chitsulo chimawonda ndi mamilimita 2, popeza chikusemedwa kuzungulira konse. Woiwala zimenezi amataya ntchito ya tsiku lonse, pakuti chitsulo chopalidwa sichibwezeretsedwa.

Wophunzira amadutsanso pa makina obowolera, onolera ndi a milling, amene mpeni wake ndiwo umazungulira.

Malamulo a chitetezo sanyengerera. Magalasi oteteza maso savulidwa. Malaya otayirira, mphete ndi magolovesi siziloledwa, ndipo tsitsi lalitali limamangidwa. Kiyi womangira chuck sasiyidwa pamenepo ngakhale kwa kamphindi, chifukwa makina akalizidwa amauluka ngati mwala wa palegeni. Tizidutswa ta chitsulo, takuthwa ngati lezala, timachotsedwa ndi burashi makina ataima. Mu 2011, wophunzira wina pa yunivesite ya Yale ku America anamwalira tsitsi lake litakodwa mu lathe akugwira ntchito usiku.

Ena amafunsa chifukwa chovutikira ndi makina opukusa pamanja pamene mafakitale ali ndi makina a CNC oyendetsedwa ndi kompyuta, amene chiyambi chake ndi makina omwe anasonyezedwa pa MIT mu 1952. Funsoli n'lomveka, koma kompyuta imangotsata zimene yauzidwa. Injiniya amene sanamvepo mpeni ukulira chifukwa cha liwiro lolakwika angathe kujambula chitsulo chokongola papepala chimene mmisiri sangachiseme, kapena kulamula muyezo wothina mosafunikira, umene umangokweza mtengo wa chitsulocho.