Nkhuku, kalulu ndi dimba m'mbiri ya Milange

Tikamakamba mbiri ya boma lathu la Milange timakonda kuthamangira zinthu zikuluzikulu: pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la mu 1891 limene lidadula malire pakati pa ife ndi abale athu a ku Mulanje, minda ya tiyi ya m'tsinde mwa phiri la Tumbine, ufulu wa pa 25 Juni 1975, nkhondo, ndi mtendere umene udasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Zonsezi nzoona ndithu. Komatu inu amene mumatsogolera makalasi mukudziwa kuti mayi amene wakhala pamphasa patsogolo panu sawerenga zaka mwa njira imeneyi. Iye amati, "chaka chija chitopa chidasesa nkhuku zonse," kapena, "nthawi ija tinkabwerako ku Malawi ndi msoti m'dengu." Tsono lero tatsata kawerengedwe kakeko, pakuti m'zaka zonsezi zinthu zikuluzikulu zinkagwa ndi kudzuka, pamene banja linkapulumukira pa tinthu ta kuseri kwa nyumba.

Tiyambe ndi khomo lenilenilo. Kuno si dziko la ng'ombe. Ambiri a ife takula osaonapo khola la ng'ombe pamudzi pathu. Chuma cha pakhomo ndi nkhokwe, mbuzi ziwiri kapena zitatu kwa amene ali nako kuthekera, abakha, nkhunda, ndi nkhuku zimene zimagona m'kakhola kokwezeka pa mitengo kapena pakona pa khitchini. Kumunda kuli chimanga chosakaniza ndi nandolo, chinangwa, ndi kalongonda amene abale athu Alomwe amadziwa kumuphika mpaka ululu wake utatha. Popeza midzi yathu yambiri ndi ya chikamwini, malowo ndi a mbumba, ndipo nkhuku kawirikawiri mwini wake ndi mayi. Bambo angathe kugulitsa mbuzi atangokambirana pang'ono, koma ayese kugwira thadzi la akazi ake osapempha, mlandu wake umafika kwa ankhoswe.

Nkhuku ya chikuda sifuna zambiri. Imadzitolera yokha chiswe ndi zotsala za pamtondo, ikapatsidwa madeya pang'ono basi yakhuta. Thadzi limaikira mazira khumi kapena kupitirira, nkufungatira masiku 21, ndipo pachaka lingachite zimenezi katatu. Anapiye ambiri safika pokula, chifukwa kabawi, mphamba ndi likongwe nawonso amadikira gawo lawo. Koma otsalawo ndi amene amagwira ntchito zimene ndalama yokha siingagwire. Mlendo wolemekezeka timamuphera nkhuku. Pa chinkhoswe ankhoswe amasinthana tambala ndi msoti. Mlandu waung'ono kwa amfumu umatha ndi nkhuku. Mwana akadwala usiku, m'mawa mwake nkhuku ili pamsika.

Nthawi ya Apwitikizi amuna sankakhalitsa pakhomo. Panali msonkho, panali chibalo, ndipo minda ya tiyi ya kampani ya Sociedade de Chá Oriental inkafuna manja ambiri makamaka m'dzinja, nthawi yomweyo imene munda wa banja umafuna kupalira. Enanso ankangooloka malire kukalowa ntchito m'minda ya tiyi ya ku Mulanje ndi Thyolo, monga momwe Alomwe zikwizikwi adachitira kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, ena osabwereranso. Malamulo a chibalo adayamba kufafanizidwa mu 1961, koma mpaka nthawi imeneyo khomo linkaima pa mayi ndi ana. Akuluakulu amakumbukira kuti asipayi akalowa m'mudzi sankatuluka chimanjamanja. Nkhuku kapena mazira ndi zimene zinkawafewetsa mtima. Ndipo kukantini, mchere, sopo ndi parafini zinkabwera kudzera mwa nkhuku yomweyo.

Za dimba tichedwepo pang'ono, chifukwa kutsogoloku tiona kuti lidapulumutsa anthu. Dera lathu lili ndi mwayi wa mvula yambiri ndi timitsinje totsika m'mapiri, choncho mvula ikangosiya mu Epulo kapena Meyi ntchito imasamukira kudambo. Makolo ankadzalamo maungu, nyemba, mbatata ndi chimanga cha mondokwa. Mpiru ndi wakalekale. Repu, kabichi ndi tchayinizi nzobwera pambuyo. Palinso ndiwo zimene palibe amazidzala koma palibenso amazizula popalira: bonongwe, chisoso, luni, denje. Mayi wanzeru amafutsa nkhwani, khwanya ndi chitambe nthawi imene zachuluka, nkumanga mfutsowo m'zikwatu za masamba a msuku, kuupachika kudenga la khitchini kumene utsi umauteteza ku tizilombo. M'mwezi wa Okutobala, dzuwa litaswa mtengo, chikwatu chimodzi ndi kansinjiro pang'ono ndiye ndiwo za banja lonse. Zitosi za nkhuku zimapita kudimba, masamba oipa a kudimba amabwerera kukhola. Palibe mlangizi adaphunzitsa zimenezo.

Kalulu yekha ndiye mlendo pakhomopa. Tisamusokoneze ndi kalulu wa m'tchire, mwini nthano uja amapusitsa fisi ndi njovu. Wa m'tchireyo amabadwa ndi ubweya, maso ali otseguka, pamene woweta amabadwa wamaliseche ndi wosaona. Kwawo kwenikweni kwa kalulu woweta ndi ku Portugal ndi ku Spain, moti tinganene kuti mwa zonse zimene zidachokera kumeneko, iyeyu ndiye sadavute munthu. Dziko litalandira ufulu, kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, boma la Frelimo lidalimbikitsa kuweta akalulu ndi abakha kuti anthu apeze nyama mwachangu. Nzeruyo payokha inali yabwino. Kalulu amatenga bere masiku 31 okha, amaswa ana asanu, asanu ndi awiri kapena kuposerapo, ndipo chakudya chake ndi chisoso, kholowa ndi madeya, zosapikisana ndi nsima ya ana. Koma ife tikuona kuti kalulu si chiweto cha gulu. Nkhuku ukaiiwala imadzisamala. Kalulu ukamuiwala masiku awiri wafa. Amafuna munthu mmodzi womudzukira m'mawa, kumuthyolera masamba, kuyang'ana ngati linthumbwi kapena agalu sadafike kukhola. Nchifukwa chake makola amene akhalitsa ndi a pakhomo, ndipo mukafufuza mwini wake mupeza ndi mnyamata wa sukulu amene amagulira makope ndi ndalama za akaluluwo.

Nkhondo kuno idayamba msanga kusiyana ndi madera ena a Zambezia. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 gulu lotchedwa Partido Revolucionário de Moçambique linali litayamba kale kuchita ziwembu m'dera la Milange, ndipo mu 1982, pansi pa Gimo Phiri, lidaphatikizana ndi Renamo. Mu Sepitembala 1986 tauni ya Milange idagwa m'manja mwa Renamo, asilikali a boma nkudzailandanso mu Juni 1988. Mafakitale a tiyi, amene boma linali litawaika pansi pa kampani ya Emochá, adaonongeka, ndipo tiyi wa ku Milange sadabwererenso pa mphamvu yake yakale. Pakhomo napo padasesedwa. Munthu wa mfuti, kaya wa mbali iti, akafika ndi njala, choyamba kugwidwa ndi nkhuku. Mbuzi zidatha. Akalulu, okhala otsekeredwa, adafera m'makola eni ake atathawa. Ambiri amene adabisala m'mapiri amasimba kuti tambala ankamupha okha, poopa kuti kulira kwake m'bandakucha kungaulule pamene agona. Taganizani mudzi wopanda tambala wolira.

Amene adaoloka Muloza ndi Ruo adalandiridwa m'misasa, ena m'midzi ya abale awo ku Mulanje ndi mbali za Phalombe. Pofika mu 1992 Malawi inali ikusunga anthu othawa nkhondo a ku Mozambique oposa miliyoni imodzi. Chakudya cha thandizo chinalipo: ufa kapena chimanga, nyemba, mafuta, mtedza. Koma mtedza utasiya kugawidwa kwa miyezi isanu, kudabuka nthenda ya pelagra, ija imasupula khungu pakhosi ndi m'mikono, kutsegula m'mimba, mwinanso kusokoneza mutu. Imadza munthu akamangodya chimanga chokhachokha popanda ndiwo zokwanira. Pakati pa Febuluwale ndi Okutobala 1990 madokotala adawerenga odwala 18,276 mwa othawa nkhondo 285,942 a m'madera amene ankayang'anira kummwera kwa Malawi, ndipo amayi ankadwala pafupifupi kasanu ndi katatu kuposa abambo. Nanga nchodabwitsa? Paja pakhomo ndiwo zikachepa, amene amadya pomalizira timamudziwa. Pofufuza chimene chidateteza amene sadadwale, madokotalawo adapeza kudya mtedza tsiku ndi tsiku, kudzikonzera okha ufa, ndi kukhala ndi kadimba. Kadimba komwe kaja kopanda dzina m'mabuku a mbiri.

Kubwerera kwawo kudachitika makamaka mu 1993 ndi 1994, pambuyo pa chilala choopsa cha mu 1992. Ambiri a kuno sadadikire galimoto. Adangosenza katundu nkuoloka, popeza kwawo nkowonekera. Adapeza minda itasanduka thengo, mango ndi nthochi zokha zikusonyeza pamene panali khomo, ndipo njira zina zinali zosayendeka chifukwa cha mabomba okwirira. Boma ndi mabungwe adagawa mbewu, makasu ndi zikwanje. Koma ziweto zidabwerera mwa njira ya makolo, ya kuikiza. Amene ali ndi thadzi amalipereka kwa mbale wake kuti aliwete, likaswa agawana anapiye, kenaka thadzilo lipitirira kwa wina. Akalulu nawo chimodzimodzi: wamkazi amanyamulidwa m'dengu kupita naye kwa mnansi amene ali ndi wamwamuna, malipiro ake kamwana kamodzi.

Kuchokera apo makwerero ake mukuwadziwa. Nkhuku zingapo zidagula mbuzi, mbuzi zidathandiza kugula njinga, ndipo njingayo ndi imene idanyamula matumba a chimanga kupita ku Muloza. Pa njala za ku Malawi za mu 2002 ndi 2005, chimanga cha ku Milange chidadyetsa anthu ambiri kummwera kwa dzikolo, chambiri cha icho chitaoloka panjinga, thumba ndi thumba. M'zaka zimenezo kwacha inkayenda m'misika yathu kuposa metikali, ndipo mtengo wa tambala unkanenedwa m'makwacha.

Mdani amene sadasainire mtendere ku Roma ndi chitopa. Chimabwera makamaka nthawi yotentha, mvula isanagwe, ndipo m'sabata ziwiri chingathe kumaliza pafupifupi nkhuku zonse za m'mudzi. Nkhuku imagwetsa mapiko ngati yavala jekete, imatsegula zobiriwira, ina imapotoka khosi. Tayesa tsabola, tayesa phulusa ndi makungwa osiyanasiyana m'madzi akumwa, koma tinene zoona, zimenezi chitopa sizichiimitsa. Ndipo timachifalitsa tokha: nkhuku ikayamba kuwodzera timathamangira nayo kumsika kuti tisaluze, wogulayo nkupita nacho kwawo, ngakhale kutsidya kwa malire. Katemera wakale ankafuna firiji kuchokera ku Maputo mpaka kumudzi, chinthu chosatheka kuno. Kusintha kudadza ndi katemera wotchedwa I-2, amene adakonzedwa ku yunivesite ya Queensland ku Australia kuti azipirira kutentha, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 adayamba kupangidwa ku Maputo komweko. Wotemera amanyamula kabotolo atakakulunga m'kansalu konyowa, nadontheza dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, kuyambira mwanapiye mpaka tambala. Mphamvu yake imatha pakapita miyezi inayi, nchifukwa chake katemerayu amachitika katatu pachaka, mu Malichi, Julayi ndi Novembala. Nkhuku yodwala kale sachiza. Apa mpamene anthu ambiri amakhumudwira: amaitana wotemera chitopa chitalowa kale, nkhuku zikafa amati katemera ndiye wapha. Paja nkhanga zidapangana kusanapse.

Mavuto ena sadasiye kubwera. Mu Januwale 1998 phiri la Tumbine lidagumuka ndi mvula, nkukokolola nyumba, minda ndi anthu. Mu 2017 dziko la India litachepetsa nandolo amene limagula kunja, mtengo udagwa moti alimi ena adamusiya m'munda osakolola. Chaka chimenecho makope ndi mankhwala zidagulidwanso ndi nkhuku. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy adamiza madambo mbali zonse ziwiri za malire, madimba ena nkukwiririka ndi mchenga, makola a pansi nkupita ndi madzi. Nkhuku zimene zidapulumuka nzija zinkagona m'mitengo ndi m'makola okwezeka, ndipo madzi atangophwa anthu adalowa m'chinyontho chomwecho kudzala mbatata, nyemba ndi maungu, mbewu zake zopemphana pachibale.