Ndani anayamba kugonetsa wodwala pa opaleshoni?

Mabuku ambiri amati mankhwala ogonetsa odwala anayambira ku Boston pa 16 October 1846. Tsikulo dokotala wa mano William Morton anapumitsa wodwala mpweya wa ether, ndipo John Collins Warren anamuchotsa chotupa cha pakhosi. Kale wodwala ankachita kupanidwa ndi amuna amphamvu uku akukuwa, ndipo dokotala ankatchuka chifukwa chodula mofulumira.

Komatu ku Japan, mu 1804, Hanaoka Seishū anali atachita kale opaleshoni ya khansa ya m'mawere pa mayi wina atamugonetsa ndi mankhwala azitsamba. Nanga bwanji dzina lake silimveka? Nthawi imeneyo Japan inali itadzitsekera ku mayiko ambiri, ndipo Hanaoka ankaphunzitsa lusoli ophunzira ake okha, mwachinsinsi. Za ku Boston zinalembedwa m'magazini ya zachipatala mu November, ndipo pofika December madokotala a ku London anali atayamba kugwiritsa ntchito ether.

Kwa zaka 42, odwala ochuluka kunja kwa Japan anapitiriza kukuwa njira yowagonetsa ilipo kale. Choncho pofunsa za amene anatulukira chinthu, tizifunsanso kuti anauza ndani.