Sitiriyo

Sitiriyo ndi njira yojambulira ndi kutulutsira mawu m'mbali ziwiri, yakumanzere ndi yakumanja. Mbali iliyonse ili ndi sipika yakeyake, choncho womvetsera amazindikira komwe gitala kapena ng'oma ikumvekera. Alan Blumlein, katswiri wa kampani ya EMI ku England, analembetsa lusoli mu 1931, koma malekodi a sitiriyo anafala kuyambira mu 1958.

Masipika awiriwo ndi mpando wa womvetsera ziyenera kutalikirana mofanana, ngati mafuwa. Kuwasanjikiza pamodzi, monga ambiri amachitira, kumapha sitiriyo yonse. Sipika ikakankhidwira pakona, besi imachuluka mpaka kuphimba mawu a woimba.

Mavuto ambiri amachokera ku mawaya. Waya wa + pa ampulifaya, womwe kawirikawiri umakhala wofiira, uyenera kulowa pa + pa sipika. Mawaya akatembenuzidwa pa sipika imodzi yokha, iyo imakoka mpweya pamene inzake ikukankha, ndipo besi imazilala. Palibe chimapsa, n'chifukwa chake vutoli limatha zaka osadziwika.

Choopsa ndi kuchulukitsa masipika. Ambiri a m'nyumba ndi a maohm 4, 6 kapena 8. Awiri a maohm 8 akamangidwa pamalo amodzi amatsika kufika pa 4, ndipo ampulifaya yosapangidwira katundu wotere imatentha, mwinanso kupsa kumene.

Mbali imodzi ikangoti zii, masipika amasinthanitsidwa ampulifaya itazimitsidwa. Vuto likasamukira mbali inayo, yafa ndi sipika. Likakhala pomwepo, wokonza amayang'ana waya kapena ampulifaya.