Mbiri ya Pampu ya Insulini ndi Amene Amailipira

Munthu akadya nsima, mbatata kapena mkate, cakudyaco cimasanduka shuga m'magazi mwace, ndipo shugayo ndiye amene amapatsa thupi mphamvu. Koma shuga sangathe kulowa yekha m'minofu. Amalowetsedwa ndi mankhwala ena ochedwa insulini, amene thupi limadzipangira m'ciwalo cokhala kuseri kwa cifu, cimene madokotala amacicha pancreas. Ciwaloci cikaleka kupanga insulini, shuga amangounjikana m'magazi. Pamenepo munthu amamva ludzu losatha, amakodza pafupi-pafupi, ndipo amaonda ngakhale akudya. Imeneyi ndiyo nthenda ya shuga ya mtundu woyamba, imene kawiri-kawiri imagwira ana ndi acinyamata.

Masiku ano anthu ambiri a nthendayi ku America ndi ku Ulaya amabvala kamakina kakang'ono kokwana m'thumba la malaya, kochedwa pampu ya insulini. Mbiri yace iri ndi nkhani ziwiri zoyendera limodzi: ya anthu amene anakapanga, ndi ya mkangano wakuti ndani ayenera kulipira mtengo wace.

Insulini Ipezeka

Kale mwana wogwidwa ndi nthendayi sanali kukhala moyo nthawi yaitali. Ambiri anafa pasanathe zaka ziwiri. M'caka ca 1889, mu mzinda wa Strasbourg, Oskar Minkowski ndi Joseph von Mering anacotsa pancreas m'mimba mwa garu, ndipo garuyo anadwala nthenda ya shuga. Cotero gwero la nthenda linadziwika, koma mankhwala ace panalibe. Dokotala wina wa ku America, Frederick Allen, anali kucepetsa kwambiri cakudya ca odwala kuti shuga asakwere. Njirayi inatalikitsako moyo wao pang'ono, koma inawasiya mafupa okha-okha.

M'caka ca 1921, ku Toronto m'dziko la Canada, Frederick Banting ndi wophunzira wina, Charles Best, anayamba kuyesa pa agaru madzi ocokera m'pancreas. Anali kugwira nchitoyo m'nyumba yoyeseramo zinthu ya John Macleod, ndipo pambuyo pace James Collip anawathandiza kuyeretsa madziwo. Pa 11 January 1922 anabaya nao mnyamata wa zaka 14, Leonard Thompson, amene anali pafupi kufa, koma sanathandizike kweni-kweni. Pa 23 January anambayanso ndi madzi oyeretsedwa bwino, ndipo shuga wace anatsika. Mnyamatayo anakhala moyo kufikira 1935.

M'caka ca 1923 Banting, Best ndi Collip anagulitsa umwini wa mankhwalawa ku University of Toronto pa mtengo wa dola imodzi yokha munthu ali yense, cifukwa anafuna kuti insulini ifike kwa wodwala ali yense. Caka comweco kampani ya Eli Lilly inayamba kuipanga yambiri kucokera m'ziwalo za ng'ombe ndi nkhumba.

Kucokera ku Singano Kufikira ku Pampu

Insulini inapulumutsa moyo, koma siinacotse nthenda. Wodwala anayenera kudzibaya masiku onse, kuphika masingano ace m'madzi ndi kuwanola akabuntha. Panalinso bvuto lina lalikuru. Thupi la munthu wangwiro limaturutsa insulini pang'ono-pang'ono usana ndi usiku, nilionjeza pa nthawi ya cakudya. Koma jekeseni ali ngati munthu wothirira dimba amene akhuthula mtsuko wonse pa mbeu imodzi nthawi imodzi, nacoka. Insulini ikacuruka, shuga amatsika kopitirira, ndipo munthu amanjenjemera, kutuluka thukuta ndi kukomoka. Ikacepa, shuga amakwera, ndipo pakupita kwa zaka amaononga maso, impso ndi mitsempha ya m'mapazi.

Cifukwa cace madokotala anafuna-funa makina otsanzira nchito ya thupi. M'caka ca 1963 Arnold Kadish wa ku Los Angeles anapanga pampu yoyamba, koma inali yaikuru ngati katundu wa msilikali, yoberekera kumbuyo, kotero kuti munthu sakanatha kupita nayo ku nchito. M'caka ca 1978 John Pickup, Harry Keen ndi anzao a pa Guy's Hospital ku London analengeza kuti anayesa pa odwala pampu yaing'ono ya batire, yolowetsa insulini pansi pa khungu kosalekeza. Caka cotsatira madokotala a ku Yale, ku America, anaonetsa kuti njirayi inathandizanso ana. M'caka ca 1983 kampani ya Alfred Mann inaturutsa pampu yochedwa MiniMed, imene inali yopepuka koposa zoyambazo.

Kagwiridwe kace ka nchito ndi kotere. M'kati mwa pampu muli kabotolo ka insulini ndi kamakina kokankha. Insuliniyo imayenda m'kapaipi kopyapyala kufika pa kansonga kofewa kolowa pansi pa khungu la pamimba, kamene wodwala amakasintha pakapita masiku awiri kapena atatu. Pampu imadontheza insulini nthawi zonse, ndipo pofuna kudya mwini wace amadina kuti ionjeze. Koma iri ndi ngozi yace: kapaipi kakatsekeka, munthu amatsala wopanda insulini m'thupi, ndipo angathe kudwala kwambiri m'maola owerengeka.

Alipire Ndani?

Pampu imodzi mtengo wace ndi madola zikwi zingapo, ndipo mwezi uli wonse pafunika mapaipi, timabotolo ndi insulini. Anthu ocepa okha angathe kulipira zonsezi m'thumba mwao. Ku United States anthu ambiri amadalira inshuwalansi, ndiko kuti amasonkha ndalama mwezi ndi mwezi ku kampani, kuti wina mwa iwo akadwala kampaniyo imlipirire. Nzeru yace ndi ija ya makolo yakuti mutu umodzi susenza denga. Koma wosunga thumba la anthu ambiri samasula cingwe msanga. Pa zaka zoyambazo olipira anali kufunsa ngati makina odula cotere aposadi singano wamba.

Yankho linayamba kuoneka m'caka ca 1993. Kuyambira 1983 madokotala a ku United States ndi ku Canada anali kuyang'anira odwala 1,441, atawagawa m'magulu awiri. Gulu loyamba linali kudzibaya kamodzi kapena kawiri pa tsiku monga mwa masiku onse. Gulu laciwiri linali kuyeza magazi kawiri-kawiri ndi kulandira insulini katatu kapena koposa pa tsiku, ena ndi singano, ena ndi pampu. Mwa aja amene anayamba maso ao ali abwino, ngozi ya kuonongeka kwa maso inacepa ndi magawo 76 mwa 100 m'gulu laciwirilo, ndipo nthenda za impso ndi za mitsempha zinacepanso. Koma gulu lomwelo linabvutika ndi kutsika koopsa kwa shuga pafupi-fupi katatu kuposa linzace. Umboniwu unaonetsa kuti kusamala shuga tsiku ndi tsiku kumapulumutsa maso ndi impso, ndi kuti odwala afunika zida zowathandiza kutero.

Boma la United States liri ndi thumba lochedwa Medicare, limene linakhazikitsidwa mu 1965 kuti lithandize okalamba. M'caka ca 1999 akuru a thumbalo anabvomera kulipira mapampu, koma anaika malamulo. Wopempha anayenera kukhala ataphunzitsidwa za nthenda yace, atadzibaya katatu pa tsiku kwa miyezi 6, ndiponso atayeza shuga wace kanai pa tsiku kwa miyezi 2. Magazi ace anayeneranso kuonetsa kuti thupi lace silipanga insulini yokwanira. Zonsezi zikakwanira, thumbalo linali kulipira magawo 80 mwa 100, ndipo otsalawo anali a wodwala.

Ku Britain cithandizo ca m'zipatala cakhala colipiridwa ndi msonkho kuyambira 1948, koma kumenekonso pampu siinali ya munthu ali yense. Bungwe la NICE, limene limaweruza za mankhwala oyenera kugulidwa ndi ndalama za Boma, linabvomera mapampu mu 2003 kwa odwala ocepa amene masingano anawalephera. Mu 2008 linakulitsa cilolezoco, maka-maka kwa ana osakwana zaka 12. Ku Canada, kumene insulini inapezeka, cigawo ca Ontario cinayamba kugulira ana mapampu mu 2006, ndi akuru mu 2008.

Kusankha Pampu

Pofika nthawi imeneyi mapampu anali a mitundu ingapo. M'caka ca 2005 kunabwera Omnipod, yopanda paipi, imene imamatidwa pakhungu ndi kutayidwa pakapita masiku atatu. Kunabweranso tizida toyeza shuga pansi pa khungu mphindi zowerengeka ziri zonse. Mu 2016 Boma la United States linaloleza pampu ya kampani ya Medtronic imene imamva zimene kacida koyezako kanena, nkuonjeza kapena kucepetsa insulini yokha. Ya kampani ya Tandem yocita comweco inalolezedwa mu 2019. Ngakhale ndi mapampu amenewa, mwini wace ayenerabe kuuza makinawo kucuruka kwa cakudya cimene afuna kudya.

Cotero wodwala anapatsidwa mwai wosankha, ndipo kusankhako kunali kolemera. Makampani ambiri amalonjeza kukonza kapena kusintha pampu yoonongeka kwa zaka 4, ndipo olipira kawiri-kawiri sagula yatsopano zakazo zisanathe. Ku Medicare ndi zaka 5. Wosankha molakwa amakhala nayo pampuyo usana ndi usiku kwa zaka zonsezo. Ndico cifukwa cace odwala anaphunzira kufunsa asanasankhe: kodi ikwana insulini yocuruka bwanji, kodi igwirizana ndi kacida kati koyezera, kodi ilowa m'madzi, ndipo zofunika za mwezi ndi mwezi zidzadya ndalama zingati? Paja safunsa anadya phula.

Koma nthawi zina wosankha weni-weni sanali wodwala kapena dokotala wace. M'caka ca 2016 kampani yaikuru ya inshuwalansi ya UnitedHealthcare inalengeza kuti akuru ambiri a m'thumba lace adzalandira mapampu a Medtronic okha. Odwala ndi mabungwe ao anadandaula kolimba, nanena kuti cinthu cobvala pathupi ciyenera kusankhidwa ndi mwini thupi pamodzi ndi dokotala wace. Mu 2020 kampaniyo inabvomeranso mapampu a Tandem. Mu 2017 kampani ya Animas inaleka kupanga mapampu, ndipo anthu zikwi zambiri anakakamizika kusamukira ku mtundu wina.

Njira yopezera pampu ku America inakhazikika motere. Dokotala amalemba kalata yofotokoza cifukwa cace wodwalayo aifuna, naikapo zolembedwa za shuga wace. Kampani ya inshuwalansi imayamba yabvomera pampu isanatumizidwe. Ikakana, nkhani siithera pomwepo. Lamulo la za umoyo la 2010 linapatsa odwala ufulu wocita apilo, coyamba ku kampani yomweyo, kenaka kwa oweruza ena osakhala a kampaniyo. Lamulo lomwelo, kuyambira 2014, linaletsa makampani kukana munthu cifukwa ca nthenda imene anali nayo kale. Lisanafike lamuloli, munthu wa nthenda ya shuga wofuna kudzigulira yekha inshuwalansi anali kubwezedwa kawiri-kawiri.

Ku England, mu December 2023, bungwe la NICE linabvomera mapampu odziyendetsa okha aja kwa ana onse a nthenda ya mtundu woyamba, kwa amai apakati, ndi kwa akuru amene shuga wao abvuta. Boma linakonza zowagawa m'zaka 5 kuyambira 2024, popeza panafunika kuphunzitsa anamwino ndi odwala omwe.

Mtengo wa Insulini

Pampu yopanda insulini iri ngati nyale yopanda mafuta. Ku United States botolo limodzi la insulini yochedwa Humalog linali pa madola 21 mu 1996, koma linafika pa madola 275 mu 2017, ndipo odwala ena anayamba kupungula mlingo wao kuti botolo likhalitse. Lamulo la 2022 linalamula kuti okalamba a m'thumba la Medicare asalipire koposa madola 35 pa mwezi pa insulini ya mtundu umodzi, ndipo mu 2023 makampani atatu akuru opanga insulini analengeza kuti atsitsa mitengo.

M'maiko ena nkhondo inali idakali ya botolo lokhalo. M'caka ca 2005 David Beran, John Yudkin ndi mnzao anafalitsa zimene anapeza ku Mozambique ndi ku Zambia. Anawerengera kuti mwana wa kumudzi ku Mozambique wogwidwa ndi nthendayi anali kuyembekezeka kukhala moyo miyezi ngati 7 yokha, cifukwa ca kusowa kwa insulini, masingano ndi zoyezera. Apo nkuti patapita zaka 83 cibayidwire Leonard Thompson.

Mbiriyi ionetsa kuti kupeza mankhwala ndi nchito imodzi, ndipo kuwafikitsa kwa wodwala ndi nchito inanso yaitali koposa. Insulini inapezeka nifika kwa wodwala woyamba pasanathe caka cimodzi. Koma kucokera pa pampu ya Kadish kufikira pamene Medicare inabvomera kulipira panapita zaka 36, ndipo cimene cinatsegula thumbalo ndi umboni wa madokotala pamodzi ndi khama la odwala amene sanaleke kupempha atakanidwa.