Cipumi, mphini ndi makutu oboola: nkhope ya ku Lundazi m'mbili

Ambili a ise tinakula tikusekana pa nkhani ya cipumi. Ku sukulu, mwana wa cipumi cacikulu anali kupatsidwa maina amene amamutsatila mpaka ku giledi 12. Manje zinthu zafika patali. Pa TikTok ndi Instagram tiona madokotala a ku Istanbul ndi Seoul akuonetsa mmene amacepetsela cipumi. Amadula kacikopa m'mphepete mwa tsitsi, n'kukokela cikopa ca mutu kutsogolo, ndipo ena amapala fupa la pamwamba pa maso. Ena a ise tayamba kale kufunsa mitengo.

Tisanacite zimenezo, tiyeni tikumbukile kuti m'cinenelo cathu mphumi ni mwayi. Tikakamba kuti munthu ali ndi mphumi, sitikamba za fupa, tikamba kuti zinthu zimamuyendela. Ndipo makolo athu nawo anali kusintha nkhope zawo. Boma la Lundazi ni malo abwino oonela zimenezi, cifukwa kumeneko kunakumana Atumbuka, Acewa ndi Angoni.

Acewa a kwa Mwase ndi Atumbuka anali kutema mphini, zimene Atumbuka amati simbo. Anali kuceka cikopa ndi kampeni, n'kupakamo makala kuti cizindikilo cikhalilile. Mphini zinali za mitundu itatu. Zina zinali za pa cipumi ndi m'masaya, zoonetsa kumene munthu acokela. Zina zinali zokongoletsa, maka-maka kwa atsikana otha msinkhu, ndipo zinali kutemedwa ndi azimai aakulu. Zina zinali za mankhwala, monga zija za m'mbali mwa maso zimene ng'anga imatema munthu wodwala mutu. Kumwela, m'cigwa ca Shire, David Livingstone mu 1859 anaona akazi a Cimang'anja atavala pelele, kamphete koika pa mlomo wapamwamba woboola. Iye anadabwa, koma kwa eni ake kumeneko ndiko kunali kukongola.

Kenako kunabwela Angoni. Zwangendaba anaoloka Zambezi mu November 1835, pa tsiku limene dzuwa linadetsedwa. Iye atamwalila ca m'ma 1848 kufupi ndi nyanja ya Tanganyika, anthu ake anagawikana. Gulu la M'mbelwa linakhazikika ku Mzimba, ndipo mphamvu zake zinafika mpaka ku dela la Lundazi, kumene lelo kuli mafumu acingoni monga Magodi. Cizindikilo ca Angoni cinali makutu oboola. Anthu ogwidwa pa nkhondo anali kubooledwa makutu, ndipo kucokela tsiku limenelo anali kuwelengedwa monga anthu a Angoni. Apa ndiye pali phunzilo lalikulu: cizindikilo cimodzimodzi cinali ulemu kwa wina, koma kwa mnzake cinali umboni wakuti anagonjetsedwa. Thupi linali lake, koma wosankha anali wina.

Nanga zinatha bwanji? Panalibe tsiku limodzi limene anthu anagwilizana kuleka. Amishonale a Livingstonia, amene anatsegula mishoni ya Chasefu, anabweletsa sukulu ndi chalichi, ndipo mphini zinayamba kuonedwa monga zacikunja. Anyamata anayamba kupita ku migodi ya ku Copperbelt, ku Southern Rhodesia ndi ku Joni. M'tauni, nkhope ya mphini inali kuulula mudzi wako usanatsegule pakamwa, ndipo sikuti aliyense anali kufuna zimenezo. Pamene Errol Button, bwanamkubwa wa boma, anali kumanga nyumba ija yooneka ngati linga la ku Ulaya kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, imene lelo ni Lundazi Castle Hotel, fashoni ya nkhope inali itayamba kale kusintha. Pambuyo pake HIV inapangitsa anthu kuopa kubwelekana lumo. Zofanana zinacitika ku Congo, kumene Amangbetu anali kukulunga mitu ya makanda ndi nsalu kuti italike. Mwambo umenewo unazilala m'zaka za m'ma 1950 pansi pa ulamulilo wa Belgium.

Opaleshoni yokonza nkhope nayo ili ndi mbili yake, ndipo sinayambile pa kukongola. Harold Gillies anaikulitsa mu 1917 ku Sidcup, ku England, pokonza nkhope za asilikali ovulala pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Kuno kwathu nchito imeneyi ikali ya odwala. Kwa zaka zambili Dr Goran Jovic ndiye anali katswili yekha wa opaleshoni yotele m'Zambia, ndipo anali kuyenda pa ndeke ya FlySpec kukafika ku zipatala za kumidzi, kusoka ana obadwa ndi mlomo wong'ambika ndi kuthandiza anthu opsa ndi moto. Ngati akatswili ni ocepa conco, tiyenela kudzifunsa: munthu akapita kunja kukacepetsa cipumi, n'kubwela ndi bala limene latukusila, adzamuona ndani? Opaleshoni imeneyi imasiya cipsela m'mphepete mwa tsitsi, ingacititse dzanzi pa cikopa ca mutu, ndipo tsitsi lingathothoke pamalo odulidwa.

Sitikamba kuti tibwelele ku mphini, ndipo sitiweluza aliyense wofuna kusintha thupi lake. Cimene mbili itiphunzitsa ni cakuti nkhope yabwino imasintha ndi nthawi, koma cipsela cimakhalilila. Agogo amene anatemedwa mphini ali atsikana anakalamba nazo m'dziko limene linali litayamba kuziseka. Fyuluta ya pa foni imene imatiuza lelo kuti cipumi cathu n'cacikulu idzasinthanso zaka zikubwelazi.

Conco tikapita kumudzi pa holide, ku Lundazi, ku Lumezi kapena ku Chasefu, tiyeni tikhale pansi ndi ambuya amene akali ndi mphini. Tiwafunse mwaulemu kuti anawatema ndani, anali ndi zaka zingati, ndipo kodi anafunsidwa maganizo. Mayankho awo sanalembedwe m'mabuku ambili, ndipo anthu amene angatiuze akucepa caka ndi caka.