Khomo la Cart: m'mene linatsegukira ndi kutsekedwa ku UK

Anzanga, lero tikambe za ku UK, poti ena mwa ife tili ndi abale kumeneko omwe akulimbana ndi mapepala.

Home Office ikakana pempho lako la malo othawirako, umakadandaula ku First-tier Tribunal. Ukagonja, umapempha chilolezo chochita apilo ku Upper Tribunal. Nanga iyoyo ikakumana chilolezocho? Lamulo la 2007 lomwe linakhazikitsa makhoti awiriwa linati apilo yathera pomwepo. Boma linkati ngakhale High Court singalowererepo.

Amene anatsutsa zimenezi sankafuna n'komwe mapepala. Anali bambo Cart, ndipo nkhani yawo inali ya ndalama zolerera ana. Mlandu wawo anauphatikiza ndi wa munthu wa ku Pakistan, wotchulidwa ndi zilembo MR, yemwe ankaopa kubwerera kwawo ponena kuti analowa Chikhristu. Pa 22 June 2011 Supreme Court inagamula kuti High Court ikhoza kuunikanso kukana kotereku, pokhapokha ngati pali mfundo yaikulu ya malamulo kapena chifukwa china champhamvu zedi. Kuunikako sikuzenga mlandu kachiwiri ayi, woweruza amangoona ngati mnzake analakwitsa lamulo.

Khomolo linali lopapatiza. Kuyambira 2012 munthu ankapatsidwa masiku 16 okha, pomwe milandu ina yotere imapatsidwa mpaka miyezi 3. Woweruza ankangowerenga zikalata, akakana basi, sunkaima pamaso pake.

Tsono chomwe chimandiwawa ine ndi ichi. Mu 2021 gulu lotsogozedwa ndi Lord Faulks linalemba kuti pa mapempho 5,502 opambana anali 12 okha, kutanthauza 0.22 peresenti, ndiye linati kuli bwino kutseka. Koma 12 amenewa anawapeza m'milandu yochepa yomwe zigamulo zake zinasindikizidwa, kenaka n'kugawa ndi mapempho onse. Zili ngati kuwerenga usipa wa pa doko limodzi, iwe n'kumati ndi wa mabwato onse a m'nyanja. Akatswiri atadandaula, boma linawerenganso n'kupeza pafupifupi 3.4 peresenti. Pakati pa anthu amenewa panali ena oti akanabwezedwa kumene anathawa, chikhalirecho khoti linali litalakwitsa.

Nambala inasintha, maganizo a boma sanasinthe. Nyumba ya malamulo inavomereza Judicial Review and Courts Act 2022, ndipo pa 14 July chaka chomwecho khomo la Cart linatsekedwa. Kampata kotsala n'kakang'ono: uyenera kuonetsa kuti Upper Tribunal inalibe mphamvu pa nkhaniyo, kapena inachita mwachinyengo, kapena inaphwanyiratu chilungamo pa kazengedwe ka mlandu wako.